Tambasulani Phiko Musanasankhe Nkhuku Yambewu

Palibe mlimi wa kuno kum'mawa amene sadziwa kusankha mbewu ya m'munda. Pokolola chimanga cha makolo timapatula chachikuluchikulu, cha mizere yowongoka ndi njere zokhwima bwino, n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze kwa anankafumbwe. Posenda nsawa za Chalimbana timaika mphwephwa pambali ndi kusunga zonenepa. Ngakhale njala itavuta chotani, mayi wanzeru sakazinga mbewu. Koma nzeru yomweyi ikafika pakhomo la khola la nkhuku imatithawa, pakuti kumeneko timadya mbewu ndi kusunga mphwephwa.

Taonani m'mene zimachitikira. Kukabwera alendo olemekezeka timauza ana kuti agwire tambala wamkulu uja, popeza mlendo saphikiridwa nkhuku yowonda. Januwale akafika, ana nafuna mayunifomu ndi makope, wogula wa panjinga amene akagulitse kumsika wa Kapata amanyamula nkhuku iliyonse m'manja, nasankha zolemera zokhazokha. Msonkhano wa misasa ukayandikira ndipo pakufunika ndalama ya ulendo, imapitanso ina yabwino. Pomatha chaka, tambala wotsala kukwera mathadzi ndi uja anakanidwa ndi aliyense, wopepuka, wa chifuwa chopyapyala ndi phiko lolendewera. Anapulumuka chifukwa cha kuipa kwake, ndipo ndiye amakhala tate wa khola lonse. Zikatero timayamba kudandaula kuti nkhuku za masiku ano sizikula ngati za agogo athu.

Mfundo yathu ndi yakuti nkhuku yambewu iyenera kusankhidwa nthawi yogulitsa isanafike, ndipo isankhidwe itagwidwa m'manja, mapiko ake atatambasulidwa ndi thupi lake litakhudzidwa. Tikuonjezanso kuti woyeza nkhuku ayenera kusiyanitsa chilema chimene chimatsikira kwa anapiye ndi vuto lobwera ndi matenda, njala kapena khola loipa. Wosasiyanitsa ziwirizi amapha nkhuku yabwino, nasiya gwero la vuto lili pomwepo.

Tambala ndiye woyamba kuyezedwa

Tiwerengere limodzi. Thadzi lachikuda limaikira mazira pakati pa 10 ndi 15 pa ulendo umodzi, ndipo kawirikawiri limatero katatu kapena kanayi pa chaka. Tinene kuti likuswa anapiye 10 katatu: pa chaka lapereka anapiye 30. Tambala mmodzi amakwanira mathadzi 10. Ndiye kuti m'chaka chomwecho anapiye 300 atha kutenga theka la chibadwa chawo kwa tambala ameneyo. Thadzi loipa limaononga chisa chake chokha, koma tambala woipa amafika m'zisa zonse, ndipo popeza nkhuku zathu zimayenda momasuka, amafikanso m'zisa za anansi. Choncho ngati nthawi yoyeza ili yochepa, yambani ndi atambala ndi zipsolopsolo.

Musafulumire kuweruza. Nkhuku ikamakula imasintha nthenga kangapo, ndipo phiko la chipsolopsolo cha miyezi itatu limaoneka la mipatamipata popanda vuto lililonse. Dikirani kufikira itakwana miyezi 5 kapena 6, nthenga zachikulire zitamera. Igwireni m'bandakucha kapena madzulo ili pogona, osati mutaithamangitsa kuzungulira nkhokwe, chifukwa nkhuku yotopa imagwetsa mapiko ngakhale ili yangwiro. Chifuwa chake chikhale pachikhatho chanu, miyendo pakati pa zala, mutu utaloza kuchigongono chanu. Dzanja linalo likhale loyezera.

Zimene phiko limanena

Tambasulani phiko mofatsa kufikira nthenga zonse zitaoneka. Kunsonga kuli nthenga zazitali 10 zoulukira. Kufupi ndi thupi kuli gulu lachiwiri la nthenga zotambalala, zimene zimaphimba zoyambazo phiko likapindidwa. Pakati pa magulu awiriwa pali kanthenga kamodzi kakafupi. Phiko labwino likatambasulidwa nthenga zimasanjikizana popanda mpata, ndipo mukalisiya limabwerera lokha mwamphamvu, n'kumamatira kuthupi.

Zilema zofunika kuzidziwa zilipo zitatu. Choyamba ndi phiko logawanika: pamalo pa kanthenga kakafupi kaja pamakhala mpata waukulu umene sutsekeka ngakhale nthenga zonse zitamera. Chachiwiri ndi phiko losapindika bwino, limene nthenga zake zakunsonga zimalendewera pansi kapena kutulukira kunja nkhuku itangoima phe, kusonyeza kufooka kwa mfundo ya phikolo. Chachitatu ndi nthenga zopotoka, zomera mokhota ngati chingwe. Oweta a zaka zambiri m'maiko osiyanasiyana aona kuti zilema zimenezi zimabwerezeka m'mibadwo, ndipo n'chifukwa chake sazilola pa nkhuku zambewu. Yezani mapiko onse awiri. Vuto likakhala mbali zonse mofanana, kaikirani chibadwa. Likakhala mbali imodzi, yambani mwafufuza ngati nkhukuyo sinavulale.

Wina adzati: timadya nyama ndi mazira, nthenga timataya, nanga phiko likutikhudza bwanji? Funsoli likanakhala ndi mphamvu nkhuku zathu zikanakhala zotsekeredwa m'nyumba ya malata, zongodikira mpeni pa masabata 6 ngati mabroila. Koma nkhuku ya kumudzi imakhala ndi moyo chifukwa cha mapiko ake. Ndi mapiko imalumphira pamtanda wogonapo kapena mumtengo, kumene vumbwe ndi likongwe amavutika kufika. Ndi mapiko imathawa galu, ndiponso imalimbana ndi kabawi pamene watsikira anapiye. Thadzi lofungatira limaphimba mazira masiku 21, ndipo mazira a m'mphepete mwa chisa amadalira phiko kuti asazizire; anapiye akaswedwa m'chisanu cha Juni ndi Julaye, pothawira pawo ndi pomwepo. Tambala nayenso amadzichirikiza ndi mapiko pokwera thadzi. Phiko lofooka limaoneka pa chiwerengero cha anapiye amene amafika pokula.

Si phiko lililonse lolendewera lili ndi chilema

Apa mpofunika kudekha. Nkhuku yaikulu ikamasintha nthenga, za kuphiko zimathothoka motsatana kuyambira pa kanthenga kakafupi kaja kupita kunsonga, ndipo yatsopano imatenga masabata pafupifupi 6 kuti ikule. Mukaona mpata, patulani nthenga ndi kuyang'ana pakhungu. Ngati pali kansonga ka nthenga yomera kumene, kapena kadzenje pamene inazuka, ikani chizindikiro pamwendo wa nkhukuyo, mudzaiyezenso pakapita miyezi iwiri. Phiko limene mwini wake analidula nthenga kuti nkhuku isalowe m'dimba silipatsira anapiye kanthu. Chimodzimodzinso phiko lovulala chifukwa chomangidwa ndi luzi pa ulendo wa panjinga, kapena nthenga za pamsana pa thadzi zothothoka chifukwa chochuluka atambala m'khola.

Nyengo nayo imasokoneza. Mu Okutobala, makamaka kwa anzathu a kuchigwa cha Mambwe kumene dzuwa limaswa mtengo, nkhuku yathanzi imatsegula mlomo ndi kutalikitsa mapiko kuthupi kuti ipitidwe mphepo. Imeneyo ikufuna mthunzi ndi madzi ozizira.

Choopsa ndi phiko logwa chifukwa cha matenda. Chitopa, matenda amene azungu anawatcha dzina la mzinda wa Newcastle atabuka kumeneko ndi ku Java cha mu 1926, amagwetsa mapiko, kupotoza khosi, kubweretsa chitosi chobiriwira ndi kupha nkhuku zambiri m'masiku ochepa, makamaka m'chilimwe. Matenda ena, amene katswiri wa ku Hungary József Marek anawalongosola mu 1907, amapha mitsempha kotero kuti phiko limodzi kapena mwendo umodzi umafa, kawirikawiri pa nkhuku zomwe zikukula kumene. Phiko limene dzulo linali bwino lero n'kugwa, nkhuku ili ndwii, nthenga zitanyankhalala, limenelo si nkhani ya mbewu. Ipatuleni msanga, dziwitsani alangizi a ziweto a m'dera lanu, ndipo musaitengere kumsika. Katemera wa chitopa wodonthezera m'diso amabwerezedwa pakapita miyezi 3 kapena 4. Wosankha mbewu mosamala koma osatemera ali ngati womanga nkhokwe yokongola n'kuisiya yosafolera.

Thupi limene nthenga zimabisa

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nthenga zonyezimira zimabisa thupi lowonda, ndipo n'chifukwa chake timaumirira pa kugwira. Yambani ndi fupa la pachifuwa. Yendetsani chala kuchokera kukhosi kufika kumimba: likhale lalitali, lowongoka, lokutidwa ndi mnofu mbali zonse ziwiri. Fupa lakuthwa ngati mpeni limasonyeza nkhuku yosagwira thupi, kaya chifukwa cha njoka za m'mimba, utitiri, njala kapena chibadwa. Kenaka ikani chikhatho pamsana. Msana wabwino ndi wotambalala kuchokera pamapewa mpaka kumchira, osati wopanikizika kumbuyo ngati mphini ya khasu, ndiponso osati wa linunda. Mchira uime pakati. Wopendekera mbali imodzi nthawi zonse umasonyeza kupotoka kwa mafupa a kumbuyo.

Pa thadzi pali muyeso wa zala umene sufuna sikelo. M'mbali mwa potulukira dzira muli timafupa tiwiri tosongoka. Pa thadzi loikira bwino, pakati pa timafupati pamalowa zala ziwiri kapena zitatu, ndipo kuchokera pamenepo kufika kunsonga ya fupa la pachifuwa pamalowa zala zitatu kapena zinayi. Mimba ikhale yofewa, potulukira dzira pakhale ponyowa ndi potambasuka, lipombo likhale lofiira ndi losalala. Thadzi limene silikuikira limakhala ndi timafupa topanikizana, pouma, ndi lipombo lofota. Kumbukirani kuti thadzi lofungatira kapena lolera anapiye limasonyezanso zizindikiro za losaikira, choncho liyezedwe litabwerera kuchisa. Msoti wosayamba kuikira uyezedwe pa kuya ndi kutambalala kwa thupi poyerekeza ndi ina ya msinkhu wake.

Pali chinthu china chimene chimanyenga ambiri. Thadzi loikira kwambiri nthawi zambiri silioneka bwino: nthenga zake zimakhala zakutha ndi zothyokathyoka, ndipo ngati lili la miyendo yachikasu, chikasucho chimasuluka chifukwa chikupita m'mazira. Limachedwa kusintha nthenga, ndipo likayamba limathothola zingapo nthawi imodzi n'kumaliza msanga. Lija lonenepa, lonyezimira, la miyendo yachikasu chowala pakati pa nyengo yoikira, kawirikawiri ndi laulesi. Wosankha ndi maso okha amapha wantchito, nasunga mlesi.

Potsiriza onani miyendo ndi mutu. Nkhuku iime mowongoka, miyendo yotalikirana bwino, zala zowongoka zotha kupalasa. Maso akhale owala, mlomo wa pamwamba ndi wa pansi zikumane, pakuti ya mlomo wopingasa siitha kutola chakudya ndipo siyenera kukhala yambewu.

Kodi fupa lokhota la pachifuwa kapena zala zopindika n'zachibadwa nthawi zonse? Iyayi. Anapiye oyamba kugona pa kamtengo kowonda mafupa asanakhwime, kapena oleredwa ndi gaga yekhayekha, amatha kupunduka motero. Njira yosiyanitsira ndi iyi. Chilema chikaoneka pa anapiye ambiri a m'khola limodzi ngakhale atate awo ali osiyana, fufuzani chakudya ndi khola. Chikatsatira ana a tambala mmodzi m'makola osiyana ndi pa chakudya chosiyana, mlandu uli pa tambalayo. Njirayi imatheka pokhapokha ngati mumalemba m'kope thadzi lililonse, tambala wake, tsiku loswa ndi anapiye amene akula.

Zilema sizilemera mofanana

Ku America kuli buku la miyezo ya nkhuku za chionetsero, American Standard of Perfection, limene linatuluka koyamba mu 1874. Mabuku a mtundu umenewu anatithandiza kutchula zilema ndi kuziona bwino, koma amaweruzanso mtundu wa nthenga ndi kaonekedwe ka lipombo, zinthu zimene sizidyetsa banja la ku Chadiza kapena ku Vubwi. Ife tiyeze motsata ntchito. Choyamba ndi thanzi ndi changu, chachiwiri ndi thupi ndi kukula msanga, chachitatu ndi mbiri ya mayi pa kuikira, kuswa ndi kulera, ndipo miyendo ndi mapiko zimatsimikiza kapena kugwetsa amene wapambana pa zitatuzo.

Kwa tambala tisachite chifundo: wa phiko logawanika kapena losapindika apite mumphika kapena kumsika wa nyama, ngakhale akhale wamkulu chotani. Kwa thadzi tingalolereko pang'ono. Limene laswa anapiye 10 n'kulera 8, koma lili ndi nthenga imodzi yopotoka, n'laphindu kuposa la mapiko angwiro limene limathawa chisa. Lisungeni, lipatseni tambala wa mapiko abwino, koma ana ake aamuna musawasiye akhale ambewu. Ngati chilema chake chili chachikulu, lingathe kugwirabe ntchito yofungatira mazira a mathadzi ena.

Tisasokonezenso chilema ndi mtundu. Nkhuku yopanda nthenga m'khosi, imene ambiri amaitcha kameta, siidwala; kuchepa kwa nthenga kumaithandiza kupirira kutentha, ndipo ndi chuma kwa okhala kuchigwa. Ya nthenga zopiringizika zoloza kumutu, yotchedwa kansilanga, nayonso ndi mtundu, ngakhale siuluka bwino ndipo imavutika ndi mvula. Chofunika kudziwa n'chakuti tambala wa kansilanga akakwera thadzi la kansilanga, pafupifupi mwanapiye mmodzi mwa anayi amakhala wa nthenga zosachedwa kuthyoka, wotsala pang'ono kukhala wamaliseche. Ikwatitseni ndi ya nthenga zosalala.

Zodandaula zimene timamva

Ena amati: nkhuku zanga zilipo zisanu ndi imodzi, ndisankhapo chiyani? Tikuyankha kuti kusankha sikutanthauza kutaya. Nkhuku yolephera pa muyeso imadyedwa, imagulitsidwa, imaikira mazira a ndiwo. Chosintha ndi ndondomeko yokha: m'malo moyamba kugulitsa yabwino, yambani ndi yolephera. Mwina mudzalandira makwacha ocheperako lero, koma kusiyanako ndi mtengo wogulira khola la chaka chamawa. Mangani kansalu pamwendo wa nkhuku zosankhidwa, ndipo banja lonse lidziwe kuti zimenezo sizigwidwa ngakhale kubwere apongozi.

Ena amati: ndingasankhe bwanji pamene atambala a mudzi wonse amakumana pabwalo limodzi? Limeneli ndi dandaulo loona, ndipo munthu mmodzi sangalithetse. Mutu umodzi susenza denga. Inu amene munamaliza maphunziro kuno ndipo muli m'makalabu a alimi, kambiranani ndi anansi ndi a mfumu kuti tsiku la katemera likhalenso tsiku loyeza atambala, kuti olephera achotsedwe pamodzi. Pamene mgwirizano sunatheke, tsekerani tambala wosankhidwa ndi mathadzi ake m'kampanda pa nyengo yotolera mazira ambewu. Dziwani kuti thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi masabata awiri kapena kupitirira, choncho dikirani masabata 3 musanayambe kusunga mazira oti afungatiridwe.

Enanso amati: bwanji osangogula Sasso kapena Kuroiler, nkhani n'kutha? Nkhuku zimenezi, yoyamba yochokera ku France ndi inayo ku India, zimakula msanga ndi kuikira kwambiri zikadya mokwanira, ndipo sitikuziletsa. Koma ndi zosakaniza mitundu, kotero ana ake safanana ndi makolo ndipo amasiyanasiyana kwambiri. Zambiri sizikonda kufungatira. Ngakhale Black Australorp, imene abale athu a kutsidya kwa Mwami amaitcha Mikolongwe, imakhala ndi ana abwino ndi ena olephera. Dzina la mtundu silichotsa ntchito ya manja anu. Ndipo tambala aliyense, wachikuda kapena wogula, achotsedwe asanayambe kukwera ana ake aakazi, chifukwa kukwerana pachibale kumatulutsa zilema zimene zinabisala. Sinthanani ndi mlimi wa mudzi wakutali, ndipo tambala wachilendoyo akhale payekha masabata 3 asanasakanizidwe ndi zanu.

Udindo wa mdindo

Ntchito imeneyi si yachilendo m'Malemba. Genesis 30 imasimba za Yakobo amene ankasiyanitsa ziweto zamphamvu ndi zofooka pa nthawi yokwerana, ndipo Miyambo 27:23 imalangiza woweta kuti adziwe bwino m'mene ziweto zake zilili. Munthu sangadziwe nkhuku imene sanaigwirepo. Koma chidziwitso chimabwera ndi yeso lake. Mukaphunzira kuona chilema chimene mnzanu sakuchiona, mudzatha kumugulitsa tambala wolephera ngati wambewu, iye n'kukuthokozani. Mneneri Malaki anadzudzula anthu opereka nsembe ya ziweto zopunduka ndi zodwala, ndipo Levitiko 19 imalamula miyeso yoona pa malonda. Wogula akati akufuna wa ndiwo, mugulitseni. Akati akufuna wambewu, tambasulani phiko pamaso pake, mumuonetse chimene mwaona. Mbiri ya wogulitsa mbewu yoona imayenda mofulumira kuchokera ku Chiparamba mpaka ku Katete, ndipo ya wonyenga imayenda mofulumira koposa.

Nyengo yabwino ya ntchitoyi ndi pambuyo pa kukolola, mu Meyi ndi Juni, pamene chakudya chili chambiri pabwalo, matupi a nkhuku akusonyeza chimene angathe, ndipo chitopa cha m'chilimwe chisanafike. Patulani m'mawa umodzi pakati pa sabata, mutenge kope, cholembera ndi tinsalu ta mitundu iwiri. Gwirani nkhuku iliyonse yoposa miyezi 5, muyeze mapiko onse awiri, chifuwa, msana, mimba, miyendo ndi mlomo, mulembe zimene mwapeza. Zokayikitsa mudzaziyezenso mu Ogasiti. Ophunzira amene muli pano mudzachita zimenezi m'khola la pasukulu musanabwerere kwanu, ndipo inu akale, mukadzabwera kudzationa, mudzatenge makope anu kuti tidzayerekeze anapiye a chaka chino ndi a chaka chatha.